Ndinachotsetsa mnzanga ntchito pa cholakwa cha pulogalamu yanga

Ndinanamizira munthu wosalakwa mpaka anachotsedwa ntchito, ndipo mwana wa eniake anatsala pang'ono kumwalira, zonsezi chifukwa cha mizere yochepa imene ndinalemba ndekha m'pulogalamu ya pakompyuta. Inu owerenga, makamaka amene mukuphunzira zopanga mapulogalamu, ndiloleni ndikuuzeni mmene zinayendera.

Ndinkagwira ntchito kubungwe lina laling'ono loona za kadyedwe ka ana. Ofesi yathu inali ku Dowa koma ntchito inkafika mpaka kumapiri a ku Ntchisi. Ine ndinapanga pulogalamu yolembera ana a kusikelo. Mlangizi wa zaumoyo ankasankha dzina la mwana pamndandanda, n'kulemba kulemera kwake ndi muyeso wa pamkono. Mwana akakhala wonyentchera, dzina lake linkafiira, ndipo ankayamba kulandira chiponde. Pulogalamuyi inkafunika kuyenda pa laputopu yanga, pa makompyuta a mu ofesi omwe anali a mtundu wina, ndiponso pa matabuleti a alangizi. Choncho ndinagwiritsa ntchito zida zopangira mawindo ndi mabatani zimene umalemba kamodzi n'kumayendetsa pa makina onsewo.

Poyamba panali vuto loti tabuleti ikamatumiza zolembedwa ku ofesi, sikirini inkangouma, mlangizi n'kumadikira amayi ali pamzere ana akulira kumbuyo. Ndiye ndinaigawa ntchitoyo pawiri. M'mapulogalamu muli chimene timachitcha thiredi, chimene chili ngati wantchito wa mkati wogwira zake pa nthawi imene mnzake akugwiranso zina. Thiredi yoyamba inkasamala za pa sikirini, yachiwiri inkatumiza. Lamulo la zidazo ndi lakuti thiredi yoyamba yokha ndiyo izikhudza zooneka pa sikirini, inayo ikafuna kanthu izingotumiza uthenga kwa yoyambayo. Ine ndinaona ngati n'kudzichedwetsa. Ndinalola thiredi yachiwiri kuti ikatumiza zolembedwa za mwana izimuchotsa yokha mwanayo pamndandanda, womwewo umene mlangizi akulembapo, osaika ndi loko yomwe yoletsa mathiredi awiriwo kugwira mndandandawo nthawi imodzi. Ndinayesa kangapo pa laputopu yanga, zonse zinayenda bwino.

Mu ofesimo tinali ndi a Bahati, bambo wa ana atatu wochokera ku Congo, amene ankakhala kumsasa wa anthu othawa kwawo ku Dzaleka. Ntchito yawo inali yoika pulogalamu m'matabuleti ndi kukonza owonongeka, koma zolemba mapulogalamu ankazidziwa. Tsiku lina atawerenga zimene ndinalembazo anandiitanira pambali.

"Achimwene, apatu pali anthu awiri akulemba m'kaundula mmodzi. Pa makina anu sizioneka, koma pa tabuleti tsiku lina adzasemphana."

Ndinawayankha kuti iwo aziona za matabuleti, zolembazo andisiyire ine amene ndinapita kukoleji.

Patapita miyezi iwiri madandaulo anayamba. Mayi Phiri, mlangizi wa ku Kasakula, anaimba foni kunena kuti mwana wa miyezi isanu ndi umodzi akuoneka m'tabuleti ndi kulemera kwa mwana wa zaka zitatu. Wina wa cha ku Madisi anadandaulanso zofanana. Sizinkachitika tsiku lililonse, mwina kamodzi pa sabata. Ndikayesa pa laputopu yanga, palibe. Pa makompyuta a mu ofesi, palibe. Zinkachitika pa matabuleti okha, ndipo matabuleti onse ankadutsa m'manja mwa munthu mmodzi.

Apa m'pamene ndinayamba kuwakayikira a Bahati. Ndinadzifunsa kuti munthuyu anadziwa bwanji kuti zidzasemphana, ngati si iyeyo akuzisemphanitsa? Ndinayamba kuwalonda. Akatuluka kukayankha foni m'Chiswahili, ndinkati akupangana ndi mnzawo woti adzalowe m'malo mwanga. Akalowa mu ofesi ya bwana wathu, a Kamanga, ndinkayang'ana wotchi kuona kuti akhalamo nthawi yaitali bwanji. Tsiku lina ndinawapeza atatsegula pulogalamu yanga pa tabuleti, akudina mabatani mofulumira kwinaku akulemba m'kope. Lero ndikudziwa kuti ankafuna kuligwira vutolo kuti andionetse. Pa nthawiyo ndinangoti wakuba ndam'peza dzanja lili m'thumba. Ndinasintha pasiwedi kuti asathenso kuwerenga zimene ndalemba, ndipo nkhomaliro ndinasiya kudya nawo.

A Kamanga atandipanikiza kuti ndifotokoze chikuchitika n'chiyani, ndinawauza kuti pulogalamu ilibe vuto, pali munthu amene akusokoneza matabuleti. Ndinawaonetsa pa laputopu yanga ikuyenda bwinobwino. A Bahati ataitanidwa anayesa kufotokoza za mathiredi, koma bwana sankazimvetsa zimenezo, ndipo ine ndinaseka n'kunena kuti akungofuna kutiphimba m'maso ndi mawu ovuta. Anachotsedwa mu Januwale, ndi kalata yonena kuti ankaononga dala katundu wa bungwe.

Chimene chinandipusitsa kwambiri n'chakuti atangochoka, madandaulo anatha. Ndinkayenda modzikweza. Sindinaganize kuti inali nthawi ya mvula, netiweki kumapiri kuja inali itavuta, ndipo alangizi ankangolemba osatumiza. Ankabwera ndi matabuleti ku ofesi n'kutumizira komweko popanda wina akulembamo. Thiredi yachiwiri ija sinkakumananso ndi yoyamba.

Mvula itatha netiweki inabwerera. Tsiku lina m'mawa Mayi Phiri anafika okha ku ofesi, atakwera njinga yamoto kuchokera ku Kasakula, fumbi lili mbuu m'miyendo. Anaika tabuleti patebulo langa. Kamtsikana kena ka chaka chimodzi kanali katagonekedwa kuchipatala, katatupa miyendo ndi nkhope. Pa sikelo yapitayo iwo anakayeza n'kupeza kuti n'konyentchera, koma muyeso wake unakalowa pa dzina la mwana wina. Chiponde chinapita kwa mwana wathanzi, wodwalayo anabwerera kumudzi chimanjamanja.

"Bambo, munatiuza kuti wosokoneza anachoka. Nanga uyu wamusokoneza ndani?"

Mawa lake ndinapita nawo ku Kasakula, ndinakhala pansi pa mtengo pamene amachitira sikelo, pamalo poti netiweki imabwera n'kuthawa. Ndinalemba mayina ongopeka n'kuyamba kulowetsa miyeso. Isanakwane nthawi ya nkhomaliro ndinaziona ndi maso anga. Nditasankha mwana wachisanu, netiweki inagwira, thiredi yachiwiri inachotsa mwana wa pamwamba, mayina onse anasunthira m'mwamba, ndipo muyeso unakagwera pa mwana wotsatira. Laputopu yanga inali yaliwiro ndipo netiweki ya ku ofesi inali yamphamvu, moti kutumiza kunkatha ndisanakhudze n'komwe batani. Kukonza vutolo kunanditengera masana amodzi okha.

Ndinakaulula zonse kwa a Kamanga. Tinayendera m'midzi kuyezanso ana onse, ndipo tinapeza ena awiri amene anaphonya chiponde. Kamtsikana kaja kanakhala m'chipatala masabata atatu, mwa chisomo cha Mulungu kanachira.

Kenako ndinapita ku Dzaleka ndi kalata yopepesa ya bungwe. A Bahati ndinawapeza m'kakhumbi ka malata pamsika, akukonza mafoni. Anandipatsa mpando, anandimvetsera mpaka ndinamaliza, ndipo choyamba chimene anafunsa chinali choti mwanayo ali bwanji. Atatero anandiuza kuti bungwe lina linali litatsala pang'ono kuwatenga, koma litamva za kalata yoyamba ija linawasiya. Ndinawapempha kuti abwerere kuntchito.

"Kalatayi ndalandira, achimwene. Koma kuno aliyense anamva kuti ndine woononga, mpaka ana anga amawanena kusukulu. Muwayendera onsewo khomo ndi khomo?"

Anakana kubwerera. Ndinawapatsa dzanja, iwo analilandira, kenako anatenga foni imene ankakonza ija n'kupitiriza ntchito yawo.

Inu owerenga amene mumalemba mapulogalamu, musamanene kuti chinthu chili bwino chifukwa chayenda pa makina anu. Kachiyeseni pa makina ofooka, kumene anthu akachigwiritsire ntchito. Lamulo la zida zanu likati thiredi imodzi yokha ndiyo izikhudza sikirini, limvereni, ndipo pamene mathiredi awiri akugwira chinthu chimodzi ikanipo loko. Kwa nonsenu, kaya ntchito yanu ndi yotani, vuto likamabwera n'kusowa, yambani mwafufuza m'ntchito ya manja anu musanaloze munthu chala, makamaka munthu amene alibe womuikira kumbuyo. Ine ndinamukayikira munthu chifukwa choti anandichenjeza. Pulogalamu ndinaikonza, ikugwirabe ntchito mpaka pano, koma a Bahati akadali m'kakhumbi kaja chifukwa cha pakamwa panga.