Filiji ya Amayi Inaliranso

Nyumba yathu ya lendi ku Nsungwi ili ndi zipinda ziwiri ndi balaza. Kale filiji ya Amayi inali pabalaza itatsamira khoma, ndipo kuseri kwa khoma lomwelo kunali bedi limene ndimagona ndi mng'ono wanga. Amayi ankapanga mafilizesi a malambe, timajumbo ta madzi otsekemera oundana, ndipo ana poweruka kusukulu ankagula pazenera.

Ine ndili Fomu 1, mng'ono wanga anadwala. Kuchipatala chachikulu anati ndi khansa ya m'magazi. Azakhali, alongo awo a Abambo, atabwera kudzazonda, anasuzumira m'chipinda mwathu, kenako anagogoda khoma.

"Alamu, mwana mumamugoneka mutu pamagetsi? Chinthuchi chimangolira osapuma. Magazi angapirire?"

Sananene mwankhanza ayi, anali atabweretsanso nthochi. Koma atangochoka, Amayi anazula chingwe cha filiji pakhoma, ndipo sanachilumikizenso. Filiji inasanduka kabati yosungiramo mbale za alendo. Amayi anayamba kuchapa zovala za anthu, manja awo n'kumasupuka ndi sopo. Ngakhale mng'ono wanga atabwerako kuchipatala, tsitsi litayamba kumera lofewa ngati la khanda, Amayi ankadutsa filiji ija osaiyang'ana. M'kabuku kanga kamene ndimalembamo za tsiku ndi tsiku ndinangolemba kuti nyumba yathu yasiya kulira.

Loweruka lina m'mawa kunabwera mayi wina wa kafukufuku. Amayi anali atavomera kale kuchipatala kuti abwere. Mayiyo anavula nsapato pakhomo ngakhale tinamuletsa, ndipo m'chikwama anatulutsa kabokosi kaukulu ngati sopo wochapira, kokhala ndi kazenera ka manambala. Anafotokoza kuti mawaya ndi zipangizo zamagetsi zimazunguliridwa ndi mphamvu yosaoneka, yangati ya maginito, ndipo kabokosiko kamayeza mphamvuyo m'malo amene mwana amagona ndi kusewera.

"Koma pafunika nyumba ikhale mmene inalili mwana asanadwale," anatero. "Filijiyi inkayaka nthawi imeneyo?"

Amayi anayang'ana pansi. "Inkayaka."

"Ndiye tiiyatse, Amayi."

"Mwana ali m'nyumba momwemu?"

Mayi uja sanakakamize. Anati mng'ono wanga akhoza kuyamba wakhala panja. Koma mwiniwakeyo anali atakakamira kale chitenje changa, maso ali pakabokosi.

"Ndi foni? Muli magemu?"

"Iwe, khala chete," anatero Amayi, koma anatsala pang'ono kumwetulira. Anatulutsa mbale za alendo imodziimodzi, n'kupukuta chingwe ndi kansalu ngati kuti fumbi ndilo linali vuto. Atachilumikiza, filiji inanjenjemera, kenako inayamba kulira kulira kwake kwakale.

Ine ndinali nditaima pachitseko, malo anga alendo akabwera. Mayi uja anandikodola n'kundiika kabokosi m'manja. Anati ndiyende nako pang'onopang'ono ndikuwerenga manambala.

"Kwezatu mawu, mwana wasukulu. Kodi m'kalasi amakumva?"

"Samumva," anayankha mng'ono wanga. "Asisi amayankhula ndi kabuku kawo basi."

Ndinachita manyazi mpaka makutu kutentha, komabe ndinawerenga. Kumbuyo kwa filiji, pafupi ndi injini yake, nambala inakwera. Amayi anagwira pachifuwa. Nditabwerera m'mbuyo pang'ono inatsika, nditabwereranso inatsikiratu. Tinalowa m'chipinda tonse anayi, mothinana. Ndinaika kabokosi pamtsamiro wa mng'ono wanga, Amayi atawerama mpaka mpango wawo kukhudza tsaya langa. Nambala inali yaing'ono. Amayi anatenga okha kabokosi, kupita nako pakhonde pamene palibe waya aliyense, kenako kubwerera nako pamtsamiro. Anapita ndi kubwerera kangapo, ife tikungowayang'ana.

"Ndiye si ineyo?" anafunsa motsitsa mawu.

"Amayi, ndinganame nditati ndikudziwa chimene chinadwalitsa mwanayu," anatero mayi uja. "Ngakhale madokotala sadziwa bwinobwino. N'chifukwa chake tikuyeza, m'nyumba za ana amene anadwala ndiponso za amene sanadwale. Chimene ndingakuuzeni ndi chimene mwaona nokha. Pamtsamiro apa ndi pakhonde paja sipakusiyana kwenikweni."

Amayi anapita kukatereka tiyi.

Kabokosi kanayenera kutsala pafupi ndi bedi mpaka mawa lake, ife n'kumangokhala monga mwa masiku onse. Amayi anakaika pampando, n'kukafunditsa kansalu koluka kamene timafunditsa wailesi. Mng'ono wanga anakaikira kachidutswa ka mbatata kuti kasagone ndi njala. Koma masana magetsi anazima, ndipo anayakanso tsiku litapita kale. Mayi uja atamva pafoni anaseka, nati kabokosi kakhalebe, filijinso isazimitsidwe.

Lamlungu titachokera kutchalitchi ndinapeza Amayi atatsegula filiji, akuyang'ana mashelefu opanda kanthu.

"Chinthu chikungodya mayunitsi chili chopanda kanthu," anang'ung'udza. "Iwe, thamangira kumsika. Malambe ndi shuga. Timajumbo tilipo m'kabati."

Ndinathamangadi, ine amene sindithamanga pamaso pa anthu. Madzulo tinakhala pamkeka, Amayi akuthira, ine ndikumanga, mng'ono wanga akulawa mpaka milomo kumata. Amayi anati akungopangira ife apanyumba. Koma Lolemba, ana akuweruka, panamveka kugogoda pazenera.

"Amayi! Tamva filiji ikulira. Alipo a malambe?"

Mayi wa kafukufuku anabwera kudzatenga kabokosi kake, ndipo anachoka akuyamwa filizesi ngati mwana. Zimene kabokosiko kanasunga m'kati mwake anapita nazo kukaziphatikiza ndi za nyumba zina. Filiji sinazimitsidwenso. Patapita masiku, Amayi anapempha Abambo kuti aikokere kukhoma la kuzenera. Anati n'cholinga choti azifikira msanga ogula akabwera, ndipo palibe amene anafunsa zambiri.

Mng'ono wanga amapitabe kuchipatala kukapimidwa, ndipo tsiku loterolo Amayi sadya mpaka atabwerako. Koma tsopano ali Sitandade 2, ndipo ndiye amakuwa pazenera kuti ana aime pamzere. Azakhali atabweranso mwezi wotentha, anaiyang'ana filiji, anayang'ana Amayi, kenako anadzipepeza ndi mpango.

"Alamu, kunjaku kwatentha. Mulibeko kozizira?"

Amayi anawapatsa awiri.