Neti ya Matias pa mphuno ya pikapu

Severino anabadwira ku Zóbuè pa 3 Malichi 1968. Ntchito ya magalimoto anaiphunzira ku Mwanza, m'Malawi, kumene banja lawo linathawira nkhondo mu Novembala 1986. Kumeneko anayamba ndi kuwotcherera maradiyadoli, ziwiya zija zoziziritsa madzi a injini. Atabwerera kwawo pa 19 Juni 1994, mkulu wake Matias anagwira khasu, koma iye anatsikira ku Moatize ndi kabokosi ka masipanala.

Migodi ya malasha itakula, cha mu 2011, tauni inadzaza magalimoto a mabwana oyenda atatseka mawindo, ndipo Severino anaphunzira kukonzanso choziziritsa mpweya cha m'galimoto. Anali ndi lamulo limodzi limene amakaniko anzake ankamuseka nalo: galimoto yodwala saiweruza ili chiimire.

"Munthu wa mphumu mumamudziwa pachitunda," ankatero, "osati atakhala pamkeka."

Choncho ankakwera ndi mwini galimoto, kulowa msewu wa ku Zóbuè, dzanja lili potulukira mpweya, maso ali pasingano yoonetsa kutentha kwa injini.

Lamuloli analiphwanya pa galimoto imodzi yokha. Matias anali ndi pikapu yoyera imene anagula mu 2012, yotsitsira kabichi ndi mbatatesi kumsika wa ku Moatize. Ankaikonda moti ngakhale mng'ono wake mmakaniko sankaloledwa kuitsegula. Matias atamwalira pa 2 Febuluwale 2023, mkazi wake Laurinda anagwira yekha chiwongolero. Kutentha kwa Sepitembala kutafika, pikapu inayamba vuto. M'tauni inkayenda bwinobwino, koma ikangothamanga pamsewu waukulu, mpweya wozizira unkasanduka wotentha, kenako singano inkakwera mpaka pofiira.

Kawiri konse Severino anaikonzera pa ofisina yake, pansi pa malata pomwe amagwirira ntchito. Anathira gasi watsopano m'choziziritsa mpweya, anasintha mpope wa madzi, analiza injini ola lathunthu, osaona kanthu. Kukwera ndiye sanakwere. Mpando unali udakali ndi dzenje la mkulu wake, ndipo mtima sunkamulola.

Vuto litabweranso, achibale anagwirizana kuti Loweruka pa 14 Okutobala pikapu igulitsidwe kwa munthu wina wa ku Tete wophwasula magalimoto. Popanda iyo, dimba la Laurinda likanatha, chifukwa kabichi safika yekha kumsika wa makilomita zana.

Lachitatu pa 11 Okutobala m'mawa, Laurinda anaimika pikapu pakhomo pa ofisina, osazimitsa injini.

"Alamu, lamulo lanu lija ndi la mabwana okha eti? Ife amasiye mumatiweruza tili chiimire?"

"Mlamu, ndaiona kawiri galimotoyi."

"Mwaiona ili pamkeka. Kwerani."

Severino anapukuta manja nthawi yaitali kuposa mmene mafuta ankafunira, kenako anakwera.

Anatuluka m'tauni akupitirira mathiraki opita ku Malawi. Pa liwiro la 60 zonse zinali phee. Laurinda atafika pa 100, mpweya unayamba kufunda m'zala za Severino, ndipo msewu utayamba kukwera, singano nayo inanyamuka.

"Imani apa, koma musazimitse."

Severino anatsegula kutsogolo. Madzi sankadontha paliponse, ndipo chokupizira mphepo chinkazungulira mwamphamvu. Anaima akuganiza. Matenda awiri obwera nthawi imodzi, pamalo amodzi, kawirikawiri amakhala ndi mayi mmodzi. Choziziritsa mpweya ndi radiyadoli zimakhala motsogozana kuseri kwa mphuno ya galimoto, ndipo zonse zimadalira mphepo yolowa pamenepo.

Anatola tsamba louma n'kuliika pamphunopo. Pa galimoto yamoyo, tsamba limamatirira chifukwa cha mphepo yokokedwa. Ili linangogwa. Analiikanso, linagwanso.

Anamasula chivundikiro cha pulasitiki n'kulowetsa mkono. Zala zinakhudza chinthu cholimba ngati chikopa chouma, chomangidwa ndi mawaya m'makona anayi, chakuda bii moti ukasuzumira kunja unkayesa ndi chitsulo cha galimoto yomweyo. Anadula mawaya, anachisolola, anachimenyetsa pamwala. Fumbi la malasha linati fuu, pamodzi ndi njere za udzu ndi mapiko a agulugufe, ndipo pansi pake panaoneka ulusi wobiriwira wopindidwa kanayi.

Laurinda anagwira pakamwa.

"Mayo ine, neti yathu ya udzudzu! Inasowa mu 2019. Ndinakalipira mwana wanga Belinha sabata yathunthu kuti waitaya kumtsinje, bambo ake ali pomwepo, akungodya chinangwa!"

Ku Moatize anthu amavundikira chilichonse poopa fumbi la malasha: ndowa za madzi, ufa woyanika, mawindo. Matias anaona kuti nayo pikapu yake isamapume fumbilo.

"Achimwene anaifunditsa ngati mwana," anatero Severino. "Neti ili yatsopano, mphepo inkadutsa. Zaka zinayi zino yakhala ikutsekeka. M'tauni injini sivutika, kamphepo kolowera pansi kamaikwanira. Pamsewu imafuna mphepo yonse, ndiye mphuno yatsekedwa."

"Akanakufunsani inu."

"Akanandiuza kuti ndine mwana."

Anaseka onse awiri, kenako anakwera n'kupitiriza ulendo.

Anafika ku Zóbuè nthawi ili 11:40, singano ili pakati osasuntha, Laurinda akudandaula kuti mapazi achita dzanzi ndi kuzizira. Loweruka wophwasula magalimoto uja anabwera monga anapangana, ndipo anabwerera ku Tete ndi mitu iwiri ya kabichi yomupepesera ulendo.

Severino akadali pansi pa malata omwe aja, pafupi ndi njanji. Maso ayamba kufooka, koma msewu wa ku Zóbuè amaukwerabe ndi galimoto iliyonse yotentha, ndipo m'thumba la malaya mwake simusowa tsamba louma. Neti ija Laurinda anaichapa katatu. Sinayere, koma imaphimba bwino mbande za tomato kudimba.