Mphutsi za m'dzino la bambo anga

Bambo anga ankanyadira mano awo kuposa munda wawo wa fodya. Nzimbe ankasenda ndi mano, botolo ankatsegula ndi mano, ngakhale chingwe ankadula ndi mano mpeni uli m'thumba. Amayi akawadzudzula, ankangoseka, mano onse mbee.

Chaka chimene ndinayamba kuphunzitsa ku Nathenje, dzino lawo lakumapeto, la m'munsi, linabooka. Inali nyengo yosankha fodya. Nditafika kwathu ku Mitundu Loweruka lina, ndinawapeza m'chigafa atamanga nsalu kuchibwano, akusankha masamba diso limodzi lili chitsinzinire.

"Bambo, tiyeni kuchipatala akalizule," ndinatero.

"Dzino lalakwanji, aphunzitsi?" anayankha. "Zolakwa ndi mphutsi zili m'katimo. Tikachotse zimenezo."

Akanditchula kuti aphunzitsi ndiye kuti akundinyogodola, ndipo zinkandipsetsa mtima. Ndinawaperekezabe kumsika, nkhope ili gwa.

Kuseri kwa ogulitsa makala kunkakhala mkulu wina wochotsa mphutsi m'mano. Anawotcha chidutswa cha khasu pambaula mpaka kufiira, n'kuchiika pamwala pakati pa beseni la madzi. Anathirapo nthanga za nthula zosakaniza ndi mafuta, n'kuvundikira ndi chikho chobooka chokhala ndi bango pamwamba. Bambo analuma bangolo, utsi ukulowa m'kamwa, misozi ili chuchuchu. Atavundukula, pamadzipo panali tinthu toyera topindika. Bambo anawerenga ndi chala: mphutsi zisanu ndi ziwiri.

Ine ndinkadziwa kuti tinthuto timatuluka m'nthangamo zikapsa. Mnzanga wina anandiuzapo tili kukoleji. Koma anthu anali atatizungulira, akugwira pakamwa, ndipo bambo anali atandiyang'ana monyadira ngati apha njoka. Kuwatsutsa pagulu chonchija, anthu akanati sukulu yandichotsa ulemu. Ndisaname, mkwiyo unalipo nawonso. Mumtima ndinati, asiyeni, likawapwetekanso adzandifuna okha. Ndinatseka pakamwa.

Patapita masiku atatu anandiimbira foni.

"Aphunzitsi, mukumva? Ndikukukuta chimanga chokazinga!"

Ndinaseka nawo, mtima n'kukhala pansi. Sindinadziwe kuti dzino likasiya kupweteka lokha nthawi zina limakhala kuti lafa, mafinya akutsikira m'munsi.

Sabata ziwiri zitatha anaimba ndi amayi. Ndinakapeza khosi la bambo litatupa mpaka kufanana ndi mutu, pakamwa posatseguka, ngakhale phala losalowa. Tinawanyamula pangolo mpaka kumsewu, kenako pagalimoto kupita kuchipatala cha m'tauni. Namwino wina, mayi wachikulire, anandifunsa ntchito imene ndimagwira. Nditamuuza, anangondiyang'ana kanthawi n'kupitiriza kulemba. Bola akanandikalipira.

Bambo anamwalira tsiku lachitatu ali m'chipatalamo, masana dzuwa likuswa mtengo. Fodya uja anamaliza kusankha ndi amalume.

Pamaliro anthu ankanong'onezana kuti mphutsi imodzi inatsalira n'kulowa m'khosi. Amayi amakhulupirira zimenezo mpaka lero, ndipo sindinawatsutsepo. Mwina zimawapepukira choncho.

Miyezi ingapo itadutsa, ndinaona nthula zitapsa kuseri kwa nyumba yanga kusukulu. Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinathyola ziwiri, ndinawotcha khasu lakutha pambaula, ndinatenga beseni ndi kapu yachitsulo, n'kuchita zonse monga anachitira mkulu uja. Panalibe munthu pafupi, panalibe dzino lililonse. Nditavundukula, tinthu toyera tija tinali yandayanda pamadzi. Ndinawerenga ndi chala ngati bambo: tisanu ndi tinayi.

Ntchito yonseyo inatha madzi a tiyi asanawire. Mbaula tinali nayo kwathu, khasu linalipo, nthula zinali mbwee kuseri kwa chigafa chomwecho. Ndikanawaonetsa bambo tili awiri, popanda wowaseka, Loweruka lomwe lija. Ndinakhala pansi pambali pa beseni lija n'kulira kuposa mmene ndinalirira kumanda.