Dzenje la Pamutu pa Kasupe

Zaka zambiri ndinkasesa msika wathu popanda wondituma. Anthu akabalalika, ndinkalowa ndi dengu mumzere wa kabichi ndi tomato, n'kutola masamba ofota, mbatatesi zoola ndi phulusa la amayi ophika. Mapulasitiki ndi mabotolo ndinkasankha ndi manja angawa. Zinazo ndinkazikwirira kuseri kwa nyumba pamodzi ndi ndowe za mbuzi, zikapsa n'kukathira kudimba langa kudambo. Ankanditcha nkhumba ya pamsika. Ndinkangoseka, poti onyozawo ndi omwe ankalimbirana mbatatesi zanga, zazikulu ngati chibakera, zosalawako feteleza. Dimba limenelo ndilo linalera ana anga anayi bambo awo atamwalira.

Kenako anatitumizira woyang'anira msika watsopano, bambo wa nsapato zonyezimira wochokera kumunsi ku Tete. Sabata isanathe anandipeza nditawerama pamulu wa masamba.

"Mayi, mukuchititsa manyazi msika. Kuyambira lero lishu yonse, zinyalala zanuzi, zizipita m'dzenje limodzi."

Anakumbitsa chidzenje kumtunda kwa dambo, n'kutemetsa ngalande yoti madzi otsukira mbale, otsukira matumbo a mbuzi ndi a m'mabafa azitsikira momwemo. Ndinapita kukawaona, ndinagwada mwaulemu wonse.

"Ashefe, pamene mwakumbapo ndi pamutu pa kasupe. Kuno mvula sicheza. Dzenjelo likasefukira, zonse zitsikira kudimba kwanga."

"Inu za saneyamentu, za ukhondozi, munaphunzira kuti?" anatero, maso ali pafoni.

Sindinaphunzire kulikonse, n'zoona. Koma kwathu kuno ngakhale mwana amadziwa kuti pamwamba pa kasupe sakumbapo chimbudzi. Iwo anazolowera kwawo kotentha, kumene chilichonse ukataya chimauma chokha. Amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma khutu limenelo silinamve kutsina. Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi amalonda anzanga, amene ndinkawasesera ulere: onse anangoti zii, aliyense akuopa kulandidwa malo ake.

Mvula yoyamba yamphamvu inagwa mbatatesi zanga zitatsala masabata awiri kuti ndikumbe. Dzenjelo linali litadzaza kale ndi madzi a m'ngalande, ndiye linangophulika mbali yakumunsi. Nditafika ndinapeza dimba lonse lakutidwa ndi matope akuda bii, onunkha, muli mabatire, matewera ndi nsapato zakutha. Chitsime chimene ndinkathirira chinasanduka chithaphwi cha ntchentche. Mbatatesi zinaolera m'mizere. Ndinakhala pansi m'matope momwemo, ndinalira ngati pamaliro.

Chaka chotsatira ndinayesanso. Khasu linkangokola mapulasitiki, galasi linandicheka phazi, ngalande ija osaleka kudontha. Zochepa zimene ndinakolola ogula ankazilambalala, akunong'onezana kuti ndi za kumunsi kwa dzenje. Sindiwanena, inenso sindinkazilakalaka. Ndinalisiya dimbalo, ndipo lero ndimadya za ganyu, kupalira m'minda ya eni ngati mlendo.

Mwezi wathawu anatiitana tonse pansi pa mtengo wa pamsika. Kunabwera alendo pa galimoto kudzatiphunzitsa nzeru yatsopano, akuti kompostu. Mayi wina waulemu wake anafotokoza bwino: tolani masamba, sankhani mapulasitiki, thirani phulusa ndi ndowe, kwirirani. Ashefe aja anakhala pampando wakutsogolo akugwedeza mutu, ndipo ndiwo anayamba kuwomba m'manja. Mlendoyo atafunsa amene angayambe kuyesa, anzanga onse, omwe aja a zii, analoza ine.

Mlendo uja anandiyandikira akumwetulira. "Amayi, dimba lanu lili kuti, tikalione?"

"Afunseni ashefewa," ndinatero. "Njira yake akuidziwa. Anaikumba okha."