Utsi wa M'una wa Mbewa

Bambo anga sanali akuno. Anachokera ku Mozambiki nkhondo ili mkati, atanyamula bulangete limodzi ndi chifuwa chosatha, nadzakwatira mayi anga ku Mauwa. Asanagwidwe usilikali ankakumba malasha mumgodi wina ku Tete. Za mgodizo ankakamba mpaka makutu kuwawa, koma za nkhondo ngakhale kachasu sankawatsegula pakamwa.

Mayi atamwalira, amalume anafuna kuwasudzula bambo kuti abwerere kwawo, poti mkamwini ndi mlendo. Ine ndinakana kwamtuwagalu. Kwawo kwake kuti, kumene ngakhale chitsa cha nyumba kulibe? Ndinawatenga n'kumakhala nawo.

Chaka china titakolola, mwana wanga wamwamuna anapita ndi mnzake kukasaka mbewa m'munda mwathu. Anachita monga achitira ana onse: kutseka timabowo tothawira, kuyatsa mapesi pakamwa pa una, n'kumauzira utsi mkati. Ine ndinali pakhonde kutongola nandolo pamene ndinamva mfuu.

Ndinapeza bambo akumukwapula mwanayo ndi mpini wa khasu, kumsana, m'mutu, paliponse. Maso ali psuu, akukalipa m'Chipwitikizi. Mwana anatchinjiriza ndi mkono, ndipo ndinaumva ndi makutu angawa ukuthyoka ngati nkhuni youma. Ndinatola chibuma n'kuwagenda nacho pachipumi. Anagwa chagada pamzere, magazi chuchuchu, ndipo sindinawadzutse. Ndinabereka mwana wanga kuthamangira kuchipatala.

M'mawa mwake amalume anafika, chala chili m'mwamba. “Suja ndinanena ine? Wakutsina khutu ndi mnansi. Mangani katundu wawo azipita.”

Ndinamanga ndithu, ndi mtima wanga wonse. Ndinaponya mtolowo pamapazi a bambo. Iwo anangouyang'ana, nsanza ili pachipumi.

“Mwanawe, ndipita. Koma umve kaye,” anatero. “Kunkhondo ine ndinali woyenda pansi, mfuti paphewa. Tinafika pamudzi wina, anthu atakumba maenje m'phiri n'kubisalamo. Mkulu wathu anati, iwe wamumgodi, ukudziwa polowera mpweya, kapeze. Ndinapeza timabowo tonse, n'kumata ndi matope. Anzanga anasonkha udzu wauwisi ndi tsabola pakhomo. Otuluka akutsokomola ankawabaya. Ambiri sanatuluke. Utsi utazilala analowetsa ineyo, poti ndinazolowera kukwawa mumdima, kuti ndikawakoke miyendo. Mayi wina ndinamutulutsa mwana ali kumsana.”

Amalume anatsitsa chala chija.

“Dzulo ndinamva mwana wako akuuza mnzake kuti, tseka uko zingathawe. Mkulu uja ananena choncho,” anapitiriza bambo.

“Ndiye wolipira akhale mwana wanga, Ababa?” ndinafunsa.

Kunena zoona, chisoni sichinandigwire tsiku limenelo. Ndinanyansidwa nawo, ndipo manja awo, amene anandilera, sindinafune n'kuwaona komwe. Koma nditaganiza zoti akafere panjira ngati galu, ndinamasula mtolo uja. Ndinawaika m'kanyumba kakuseri, ndipo chakudya ndinkangowasiyira pakhomo.

Mkono wa mwana unapola mokhota. Lero amapalasa kabaza pa Njuli, chiwongolero akuchigwira chammbali. Nkhani ya maenje ija ndinamuuza atakula pang'ono, koma anangoti, “Ndamva.” Iye sanawapatsenso moni agogo akewo mpaka tsiku limene chifuwa chija chinawamaliza.

Tinawaika m'manda a kwathu, amalume osatsutsa. Adzukulu atayamba kukwirira, mwana wanga anatuluka m'gulu la anthu atagwira bango lalitali lobowola. Analiimika kumutu kwa bokosi, n'kuligwirira ndi mkono wokhota uja dothi likuthiridwa. Mkulu wa adzukulu anamufunsa kuti mwambo umenewu ndi wakuti.

“Kwirirani,” anatero mwanayo. “Koma apa musatsekepo.”