Tulo ta Achemwali ku Beira

Alamu anga anadwala zaka ziwiri asanamwalire. Sitiroko inawagwetsa ali m'munda kwawo ku Kasinje, ndipo kuchokera tsiku limenelo mbali yakumanja sinagwirenso ntchito. Wowatembenuza, wowasambitsa, wowamwetsa phala ndi supuni, wochapa zofunda m'mawa uliwonse, anali mkazi wawo, achemwali anga aakulu. Ana awo anali atabalalika kale, wina ku Lilongwe, wina ku Joni. Ine ndinkaphunzitsa pa pulayimale ina pa Boma la Ntcheu, ndipo ndinkapitako Loweruka lina ndi lina nditanyamula sopo ndi shuga, n'kubwerako Lamulungu ndikudziona ngati ndathandiza.

Kumeta kutachitika, ndinaganiza zowatulutsako m'nyumba muja. Mphunzitsi mnzanga anali atafikako ku Beira, ndiye anandiuza kuti ulendowu sufuna munthu wolemera. Umangokwera zimene eni dziko amakwera, kugona m'nyumba zotchipa za alendo, kudya buledi wa m'mbali mwa msewu. Anandibwereka chikwama chake choberekera kumsana, n'kundilembera pa pepala la m'kope malo asanu ndi awiri oti tikaone. Achemwali sanakane, sanavomerenso. Anangofunsa kuti nkhuku ziwasungira ndani.

Tinanyamuka pa tchuthi chachitali, chimanga chili kale m'matumba. Pa siteji ya pa Boma kunali kamphepo kozizira, tonse titavala majuzi. Pofika ku Mwanza majuziwo anali m'chikwama, ndipo sitinawakhudzenso mpaka pobwerera. Titawoloka malire tinakwera minibasi yakumeneko, mpando wa anthu atatu titakhalapo asanu, chikwama chili pamiyendo panga ngati mwana wa mwini. Ku Tete kunali kotentha moti ndinkaona ngati ndikupuma mpweya wa mu uvuni wowotchera njerwa. Tinagona konko. Tsiku lachiwiri lonse linathera mumsewu, ndipo pomwe tinkalowa mu Beira mapazi a achemwali anali atatupa, nsapato zili m'manja.

Nyumba ya alendoyo inali ndi chipinda chachikulu cha mabedi osanjikizana, amuna ndi akazi momwemo. Munali azungu achinyamata, wina atagona chafufumimba msana utapsa ndi dzuwa mpaka kusupuka. Achemwali anaima pakhomo, n'kuyang'ana pansi. Mayi woyang'anira nyumbayo, wamtali, woyankhula Chisena chimene tinkachimva mwa apo ndi apo, anangowaona nkhope n'kumvetsa. Anatipatsa kachipinda kapafupi ndi khitchini. Munali bedi limodzi, matiresi apansi, ndi fani yozungulira modandaula.

M'mawa mwake ndinatulutsa pepala lija. Tinayamba ndi tchalitchi chakale, kenako msika, kenako siteshoni ya sitima, kenako doko, komwe tinangosuzumira pa mpanda n'kuona zitsulo zitalizitali zikunyamula makontena. Konseko tinkayenda wapansi, chifukwa mnzanga uja anati mzinda umaoneka bwino ukauponda. Ine patsogolo ndi pepala, achemwali pambuyo ndi botolo la madzi. Dzuwa la kumeneko silili ngati lathu lakumtunda. Limakuwomba kuchokera kumwamba, kenako limabwereranso kuchokera pa phula, ndipo thukuta siliuma. Ndikaona malo, ndinkachonga ndi cholembera ngati ndikuchonga mayeso. Masana tinadya buledi ndi nthochi pa khonde la sitolo yotseka.

Tsiku lachiwiri loyendera mzindawo linali la nyanja yamchere. Pa pepala panalembedwa za nsanja yowunikira sitima, yokhala kumapeto kwa mzinda, ndi chisitima chakale chimene chinatitimira mumchenga pafupi nayo. Minibasi zinkatidutsa, makondakitala akutikodola, koma ine ndinkati tatsala pang'ono. Sitinatsale pang'ono. Tinafika dzuwa lili paliwombo, milomo itauma.

Ndinali nditaiganizira kwa miyezi mphindi imeneyi. Ndinkayembekeza kuti achemwali akaona madzi opanda tsidya, china chake chimasuka mumtima mwawo. Iwo anayang'ana, n'kunena kuti ndi yaikuludi, kenako anayamba kufunafuna mthunzi. Ndinawaimika pafupi ndi chisitima cha dzimbiri chija kuti ndiwajambule, ndikuwauza kuti amwetulire. Anamwetulira ngati mwana wouzidwa ndi aphunzitsi. Atatero anakakhala pansi pa mtengo, n'kutsamira, ndipo ndisanamalize kugula kokonati woti timwe, anali atagona, mutu utapendekera paphewa.

Ndinawadzutsa. Panatsala malo awiri, ndipo masiku ankatha.

M'mawa wa tsiku lachitatu ndinasamba, kuvala, kumanga chikwama. Iwo anali chigonere, nkhope kukhoma. Ndinawagwedeza phazi.

"Iwe pita. Ine sindidzuka."

"Achemwali, mtunda wonsewu tabwera kuti mudzagone?"

Anatembenuka pang'onopang'ono n'kundiyang'ana. Sanakweze mawu. "Zaka ziwiri ndakhala ndikudzutsidwa. Wondidzutsayo wapita. Iwenso wayamba."

Ndinatuluka nditakwiya, ndipo mkwiyowo unandiyendetsa mofulumira. Malo otsatira anali chihotela chakale chimene chinasiyidwa kalekale, anthu osowa pokhala n'kulowamo. Ndinachipeza. Mitengo inali itamera m'makoma, zovala zayanikidwa m'makonde opanda zitseko, amayi akukwera masitepe ndi zidebe pamutu. Ndinatulutsa foni kuti ndijambule. Mayi wina amene ankakupiza mbaula anandiyang'anitsitsa, ndipo foniyo ndinaibweza m'thumba. Ndinadzifunsa kuti wina atabwera pa Boma kudzajambula mmene ndimakhalira m'nyumba yanga yodontha, ndingamulandire bwanji.

Ndinakakhala pa kakhoma ka m'mbali mwa msewu n'kuvula nsapato. Zidendene zonse ziwiri zinali matuza okhaokha, ena ataphulika. Kwa masiku awiri ndinali ndisakuwamva, kapena ndinkakana kuwamva. Malo achisanu ndi chiwiri sindinapiteko, ndipo lero sindikumbukira n'komwe kuti anali chiyani. Ndinaimitsa minibasi n'kubwerera.

Mayi woyang'anira nyumba uja anandichingamira pakhomo la khitchini, chala chili pamlomo. Anandiuza m'Chisena chake kuti anasuzumira kawiri m'kachipinda kathu, munthu akupuma bwinobwino, ndisamukhudze. Anandipatsa beseni la madzi amchere kuti ndiviikemo mapazi. Ndinakhala pakhonde masana onse, ndikuonera azungu aja akuchapa malaya awo mosadziwa kuchapa. Achemwali anadzuka dzuwa litapendeka, nkhope ili ndi mizere ya pilo. Anadya nsomba yokazinga ndi buledi awiri, chakudya chenicheni choyamba chimene ndinawaona akumaliza chimwalirireni alamu.

Akupukuta m'manja, anayamba kuyankhula osandiyang'ana. Anandiuza kuti ngakhale maliro atatha, thupi linkawadzutsabe pa nthawi zomwe ankatembenuza wodwala, n'kupeza akupapasa pamphasa popanda munthu. Anandiuza kuti m'miyezi yomalizira, akamachapa zofunda pa mjigo, ankapemphera kuti Mulungu awatenge amuna awo. Tsiku la maliro analira kwambiri mpaka amayi a mvano kuwagwira, koma theka la misoziyo linali la manyazi. Izi anali asanauzepo munthu, ngakhale abusa.

Ndinangoti ndikanamabwera pafupipafupi.

"Ukanabwera ukanatani? Munthuyo anali wanga."

Anapempha madzi akumwa, n'kubwereranso kukagona.

Tsiku lomaliza sitinapite patali. Mayi uja anatilozera kanjira kotulukira kunyanja kuseri kwa nyumba zingapo, mtunda wosakwana kuchoka pa msika wa pa Boma kufika kuchipatala. Tinapita m'mawa dzuwa lisanakwiye, ine nditavala patapata wobwereka. Asodzi anali akukoka ukonde, amayi akudikira ndi mabeseni. Ine ndinakhala pamchenga. Achemwali anaima nthawi yaitali, kenako anakwinya chitenje mpaka m'mawondo n'kulowa m'madzi, mwendo umodzi, kenako wina, ngati akuwoloka mtsinje wosaudziwa. Funde loyamba analipirira. Lachiwiri linawakankha n'kukhala pansi thi! Amayi a mabeseni aja anaseka, iwonso anaseka pang'ono, akulavula. Anatuluka chitenje chikudontha, n'kunena kuti madzi ake ndi oti ungathire m'ndiwo. Tinakhala pomwepo mpaka chitenje chinauma.

Ulendo wobwerera unali wautali kuposa wopita. Basi inawonongeka titadutsa Chimoio, tinakhala theka la tsiku pansi pa mtengo wopanda masamba, dalaivala ali pansi pa galimoto, miyendo yokha ikuoneka. Achemwali anayala chitenje n'kugonanso. Ine ndinkaingitsa ntchentche pankhope pawo ndi chipewa changa.

Tinafika pa Boma tsiku lachitatu masana, tili fumbi lokhalokha. Ndinawapempha kuti akhale kwanga sabata imodzi, koma anagona usiku umodzi wokha. M'mawa ndinawaperekeza pa siteji, ndikutsimphina, n'kuwakweza galimoto ya ku Kasinje. Sukulu itatsegulidwa ndinaphunzitsa masiku angapo nditavala patapata. Ahedi anayang'ana mapazi anga, n'kungopitiriza ulendo wawo.

Chaka chimenecho mvula inabwera msanga. Achemwali analima theka la munda wokha. Theka linalo anabwereka mayi wina woyandikana nawo, ndipo abale a malemu atadandaula kuti munda wa m'bale wawo ukupita kwa anthu, anawayankha kuti khasu lilipo, wofuna adzalime.