Mayi Rozita sanaseke nafe

Loweruka masana ndinathawira dzuwa m'kanyumba ka vidiyo ka Che Amadu, kuseri kwa msika. Ndinkayembekeza kanema wa zibakera, koma anatiikira wachilendo.

M'dziko la m'kanemamo nyumba iliyonse inali ndi wailesi yomatidwa kukhoma, yopanda pozimitsira. Mvula ikukhuthuka, wailesi n'kulengeza kuti kunja kuli dzuwa. Anthu n'kupinda maambulera, amayi n'kuyanika ufa pabwalo. Wina atangoti "ndanyowa", pakamwa pake panafufutika ngati choko pabolodi.

Tinaseka mpaka nthiti kuwawa. Che Amadu, amene amaima pambali n'kumatimasulira Chizungu, ankangobwereza kuti, "Izi n'zakunja, abale, zakutali kwambiri!" Palibe anawafunsa. Maso awo anali kukhomo, kuopa kuti wina angamve.

Mmodzi yekha sanaseke. Ndi Mayi Rozita, othawa nkhondo ku Mozambique, amene amagulitsa zitumbuwa pakhomo pomwepo ndipo amaonera kanema mosuzumira.

Pamene ndinkatuluka, anandikodola.

"Achimwene, tsiku limene tinkathawa, wailesi ya kwathu inati dera lathu lili pabata. Amuna anga anaikhulupirira, anatsala kuti akolole mapira. Mpaka lero sindinamve za iwo."

Kuseka konse kunandithera. Paja amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Tanenani zoona, owerenga. Ndi mikangano ingati kuno kwathu imene imatha ndi mawu akuti "anena pawailesi"? Pabawo, mubasi ya ku Monkey Bay, ngakhale pamaliro. Msodzi wa ku Nkopola, amene wakoka khoka lopanda kanthu ndi manja ake, akamva kuti chambo chachuluka amayamba kukayikira khoka lakelo. Wailesi si mdani, inenso ndimaikonda. Chondidetsa nkhawa n'chakuti tazolowera kuibwereka maso, athu tili nawo.

Mayiwo anali asanamalize.

"Tsopano akuti nkhondo yatha, tizibwerera. Ndili ndi ana atatu. Inu ophunzira, ndiwatenge tipite?"

Ndikuchita manyazi kulemba yankho langa, koma ndilemba. Ine, amene ndinali nditangoseka anthu a m'kanema, ndinati, "Mayi, poti pawailesi anena kuti kuli mtendere..."

Anandiyang'ana modekha, akuvundikira zitumbuwa zawo ndi nsalu.

"Wailesiyo, achimwene, inapitako ndi ana ake?"